Mbaula Yamagetsi ya a Mangani

Ine sinditaya pepala. Anzanga ku Glasgow ankandiseka nazo, amvekere tsiku lachiweruzo ena adzabwera ndi machimo, ine ndidzabwera ndi sutikesi. Ndi chifukwa chake anandipatsa dzina loti a Kalaliki, ngakhale sindinakhalepo pa desiki moyo wanga wonse. M'sutikesimo muli mapepala a malipiro, makalata a eni nyumba, matikiti a basi, ngakhale kachidutswa ka tikiti ya ndege imene ndinakwera pochoka kuno. Pansi pa zonsezo pali chinthu chimodzi chimene si pepala: chingwe chakuda cha magetsi, pulagi yake ikadali kumapeto. Ndinachidula ndine, ndi mpeni, anthu a mpingo akuona. Ena mwa iwo mpaka lero sandipatsa moni. Amati ndinaononga chuma cha masiye. Ndikulemba izi kuti amene ali ndi makutu amve mmene zinayendera, chifukwa nkhaniyi yapotozedwa kokwanira.

Chingwecho chinali cha mbaula yamagetsi ya a Mangani.

A Mangani ndinadziwana nawo ku Joni tili anyamata. Iwo ndiwo anatsogola kuwoloka nyanja, ndipo atakhazikika anandiitana. Ndinasiya mkazi wanga pa depoti ya basi ku Dedza atandimangira mtedza wokazinga m'pepala la shuga, ndipo mtedzawo ndinaudya pang'onopang'ono mpaka unayamba kununkha sutikesi. Ku Glasgow tinkagwira ntchito pamalo pochapira nsalu za m'mahotela. Mkatimo munkatentha ngati uvuni ya njerwa, nthunzi ili tolo, koma ukangotuluka panja kuzizira kunkalowa mpaka m'mano. Manja athu anang'ambika ndi mankhwala ochapira. A Mangani ankapaka mafuta ophikira m'ming'alumo, n'kumati munthu wamwamuna safa ndi zikhatho.

Tinkakhala ku Sighthill, mu imodzi mwa nyumba zosanja zija zimene pano kulibenso. Mphepo ikaomba, nyumba yonse inkalira ngati munthu akuuzira pakamwa pa botolo, ndipo madzi a m'ndowa ankagwedezeka okha. M'fulati mwathu tinalimo amuna anayi, aliyense chipinda chake, khitchini imodzi. Awiri enawo anali a mayiko ena, anthu abwino ndithu, koma fungo la usipa linkawathawitsa. Tsiku lina mmodzi anatsegula mawindo onse a kukhitchini chipale chikugwa. A Mangani sanakangane naye. Anangotulutsa kunsi kwa bedi mbaula imene anabwera nayo kuchokera ku Joni, yachitsulo, yoyera, ya mbale ziwiri, n'kuyamba kuphikira m'chipinda mwawo.

“Iyi yandidyetsa m'mayiko awiri,” ankatero akuisisita pamwamba. “Mkazi wanga woyamba ndi ameneyu. Nambewe ndi wachiwiri.”

Pulagi ya ku Joni ili ndi mano ozungulira, sinkalowa m'makoma a ku Glasgow, choncho anaisintha okha. Iwo anali munthu wokonza chilichonse, ndipo pa nkhani ya mawaya anali ndi chiphunzitso chawochawo. “Mawaya awiri ndi okwana, a Kalaliki. Wina moto upitire, wina ubwerere. Wachitatu uja ndi wa anthu amantha.” Ndinkaseka. Sindinaganizepo zotsegula pulagi ya munthu wina.

Analinso ndi mwambo wa m'mawa. Asanaike poto pamoto ankakolopa chipinda chonse, ali chosavala nsapato, chifukwa ati munthu saphika pafumbi. Ine ndinkadzuka ndi phokoso la ndowa yawo kuseri kwa khoma.

Kenako anayamba kusamutsa anthu m'nyumba yosanjayo poikonzekera kuigwetsa. Ankachoka banja lero, lina mawa, mpaka nsanjika zina zinatsala zopanda munthu. Mazenera ake anali mbuu, opanda makatani. Lifiti inayamba khalidwe lachilendo. Tikutsika kupita kuntchito, inkaima pansanjika pomwe panalibe aliyense, chitseko n'kutseguka, ife n'kumayang'ana mpita wautali wopanda nyali, zitseko zake zokhomedwa ndi malata. Inkadikira kanthawi ndithu, monga ichitira munthu akamalowa. A Mangani ankasendera kukhoma n'kunena kuti, “Lowani, malo alipo.” Chitseko chinkatseka. Ine nthabwala imeneyo sinkandisangalatsa, ndipo ndinawauza.

M'mawa wina ndinamva ndowa monga mwa masiku onse. Ndinavala, ndinamwa tiyi, ndinadikira pakhomo. Sanatuluke. Fungo la poto wopserera ndi limene linandichititsa kukankha chitseko. Anali chagada pansi ponyowa, mapazi ali poyera, supuni yachitsulo ili pafupi ndi dzanja. Mbale imodzi ya mbaula inali psuu, nyemba zitasanduka makala. Ndinazimitsa pakhoma. Mbaulayo sindinaikhudze.

Madokotala analemba kuti mtima unaima. Pepala lakelo ndili nalo.

Amalawi a mumzindawo anagwirana manja, mtembo unatumizidwa ku Ntcheu. Pambuyo pake kunabwera amayi a mpingo wathu kudzatsuka katundu wa malemu, motsogozedwa ndi mayi Kachingwe, mayi wamphamvu amene ankayendetsa za maliro ndi za alendo. Aliyense akudziwa kuti katundu wa womwalira saperekedwa kwa munthu asanapite m'madzi. Zovala, mabulangete, mbale, nsapato, zonse zinalowa m'bafa, ndipo mayi Kachingwe anathiramo mchere wodzaza dzanja, ati kwawo amatero. Ine ndinatuluka kukataya zinyalala. Pobwerera ndinapeza mbaula ili m'bafa, madzi akutuluka thovu m'mabowo ake.

“Mayi, chimenecho ndi chamagetsi.”

“Chamagetsi sichinakhudzidwe ndi malemu?” anandifunsa osatembenuka. “Chiuma. Zovala zimauma, chitsulo chingalephere?”

Ndinanena. Aliyense amene analipo akudziwa kuti ndinanena.

Nyumba yosanja ija inagwetsedwa. Ine ndinasamukira ku Dennistoun, ndipo msana utakana ntchito yochapa, ndinapatsidwa ntchito yosamalira holo ya tchalitchi chimene tinkapemphereramo. Katundu wa a Mangani anaikidwa m'kachipinda kosungiramo mipando, kudikira tsiku limene ine ndidzabwerere kumudzi ndi kontena. Nambewe, mkazi wa malemu, anandiimbira foni kuti zovala zigawidwe konko, iwo sakuzifuna. Chimene ankafuna ndi mbaula basi. Magetsi anali atafika m'nyumba imene amuna awo anawamangira, ndipo ankafuna kuphikira pomwe amuna awo ankaphikira. Ndinalonjeza.

Pamene ulendo wanga unayandikira, ndinapeza kuti mbaulayo m'kachipindamo mulibe. Ku mpingo wathu kumeneko mlendo akafika tinkamubwereka zoyambira moyo, ketulo, ayironi, bulangete, mpaka apeze zake. Mayi Kachingwe anali atabwereketsa mbaula ija kwa Tadala, mayi wachitsikana amene anabwera kudzaphunzira ku yunivesite ndipo ankachita lendi chipinda ku Hillhead. Sanandiuze, sanalembe paliponse. Lamulungu lotsatira Tadala anabwera nayo yekha m'chikwama chachikulu, n'kuiika pamapazi anga.

“Ankolo, ndabweza.”

“Yafa?”

“Ayi, ikuphika bwinobwino. Koma ndikamatakasa ndi supuni, dzanja limachita dzanzi mpaka pachigongono. Zimakhala ngati wina wandigwira pamkono n'kundikoka pang'ono.” Anaseka, koma kuseka kwake sikunapite patali. “Ndikudziwa kuti ndi shoko. Kungoti dzana ndamva kuti mwini wake anafera pambali pake. Sindingagone nayo chipinda chimodzi.”

Mayi Kachingwe anali atamva. “Si shoko imeneyo, mwanawe. Mwini wake anagona kale kwawo, katundu wake akuchita chiyani kuchilendo kuno? Watopa kudikira. Ikangofika m'manja mwa mkazi wake isiya.”

“Isiya bwanji,” ndinatero ine, “munaiviika m'madzi a mchere ndinu?”

“Tinatsuka, a Kalaliki. Mumafuna Nambewe alandire katundu wosatsuka? Inu ntchito yanu ndi kunyamula. Mawu a namfedwa sawonjezeredwa.”

M'bale wina wochokera ku mpingo wa chipentekoste, amene anali mlendo tsikulo, anati aipempherere n'kuidzoza mafuta. Ndinamuuza kuti yanyowa kokwanira.

Ndili m'basi pobwerera kunyumba, mbaula ili pamiyendo, ndinkaona nyumba ya Nambewe. Tadala ankaphika ataima pakapeti, atavala nsapato za mphira, ndipo zinkamufika pachigongono. Nambewe adzaima pasimenti, mapazi ali poyera, manja atangochoka m'beseni. Ndikaitaya, ndataya chinthu chokhacho chimene mkazi wamasiye anapempha. Ndikainyamula momwe ilili, mwina ndanyamula maliro achiwiri. Ndipo mawu anga okha palibe akanawamva, chifukwa onse ankadziwa kuti ine ndi mayi Kachingwe sitinkamwerana madzi. Panafunika mboni yopanda mbali.

Mboni yoteroyo ndinali nditaiona. Ku holo kunkabwera bambo wina kamodzi pachaka ndi kabokosi, n'kumalowetsamo pulagi ya ketulo, ya hita, ya chilichonse, kenako n'kumata kapepala kobiriwira. Koma nthawi yake yobwera inali kutsogolo, ine nditapita kale, ndipo nditaimbira kuntchito kwake anandiyankha kuti satumiza munthu chifukwa cha chinthu chimodzi. Ndinaganiza zogula kabokosi kangakanga. M'kontena mwanga munalinso maayironi ndi maketulo akale amene ndinagulira abale, ndipo tsopano ndinkawayang'ana onse ndi diso lina.

Ndinapita ku sitolo ya zipangizo zamagetsi. Pashelufu ndinaona kanthu kotchipa, kooneka ngati pulagi, ka tinyali titatu. Ndinakondwa, n'kupita nako kokalipira. Mayi wogulitsa anandiyang'ana pamwamba pa magalasi.

“Mukufuna kuyeza khoma kapena chinthu chimene mumalumikiza kukhomako?”

“Mbaula.”

“Ndiye ako sikakuthandizani. Kamangokuuzani ngati soketi ili bwino. Mbaula ikhoza kukhala yakupha, iko n'kumawala bwinobwino.”

Ndinakabweza msanga ngati kotentha. Anandionetsa makina enieni oyezera. Oyamba anali aakulu ngati sutikesi ya mwana, osunga m'mutu zonse zimene ayeza, osindikiza okha timapepala, otumiza zotsatira ku foni. Mtengo wake munthu ungafolere nyumba ndi malata. Mayiyo ataona nkhope yanga anaseka. Anati amenewo ndi a anthu oyenda m'maofesi tsiku ndi tsiku. Kwa munthu woyeza zinthu zochepa mwa apo ndi apo, akuti ndi okwana aang'ono a mabatire, ogwira m'dzanja, amene amafunsa mafunso awiri: kodi waya wachitatu, woteteza munthu uja, akufika pachitsulo cha chinthucho? Nanga moto wa mkati sukudontha kupita pachitsulopo? Yankho limabwera ndi nyali, yobiriwira kapena yofiira. Ndinawakonda makina amenewo chifukwa sankalankhula zambiri. Koma atsopano anali okwerabe kwa munthu amene akulipira kontena.

Tadala ndi amene anandipezera ogwiritsidwa kale ntchito, pa foni yake. Wogulitsa woyamba ndinakumana naye pamalo oimika magalimoto mvula ikuwaza. Anatsegula kumbuyo kwa galimoto, makina ali pakati pa zitini za penti. Mtengo unali wabwino kwambiri.

“Pepala lake lili kuti?” ndinafunsa.

“Pepala lanji?”

“Losonyeza kuti makinawa anayezedwa. Sikelo ya mu golosale imayezedwa. Awa amene akuweruza moyo wa munthu anawayeza ndani?”

Anadina batani, nyali yobiriwira n'kuyaka. “Akugwira ntchito, bwanawe. Mukufunanso chiyani?”

Nyali yobiriwira ingayake ngakhale pa bodza. Ndinamusiya pamvulapo akuyankhula zimene sindinazimve, ndipo sindikudandaula.

Wachiwiri anali mkulu wina wopuma pantchito ya zamagetsi, wa ku Dennistoun komweko, pansanjika yapamwamba ya nyumba zakale zamiyala zija. Chingerezi chake chinali cholemera moti mawu ena ndinkachita kuwatola pansi. Ndisanafunse n'komwe, anatulutsa envulopu ya pulasitiki: buku la malangizo, lisiti la pomwe anagula, ndi pepala la oyeza makina, losapitirira chaka. Ndinamuyang'ana, iye anandiyang'ana. Tinadziwana mtundu. Mtengo wake unali wokwererapo kuposa wa pamvula uja, koma sindinanenerere.

Anandikhazika patebulo n'kundiphunzitsa ndi ketulo yake. Anati maso ndiwo amayamba, makina pambuyo: uone chingwe, utsegule pulagi. Kachingwe ka makina kokhala ndi kopanira ukapanitse pachitsulo chenicheni, osati papenti. Ndipo usanaweruze chinthu chokayikitsa, uyambe wayeza chimene ukudziwa kuti ndi chabwino, kuti anthu aone kuti makina sadana ndi aliyense.

“Mbaulayo ndi ya ndani?” anafunsa ndikumanga chikwama.

“Ya mnzanga. Anamwalira.”

Anapukuta magalasi ake. Kenako anati, “Ikakhala kukhoma musaikhudze.”

Masiku amene mbaulayo inakhala m'chipinda mwanga sindiwakumbuka bwino. Ndinaiika pakona, chingwe nditachikulunga pamwamba, kutali ndi soketi. Komabe masana ena, ndikulongedza katundu, ndinkamva kuti tha, kenako tha, mmene chimalirira chitsulo chikamazizira poto atachotsedwa. Nyumba zakalezo zili ndi mapaipi ambiri m'makoma. Ndinadziuza kuti ndi mapaipi.

Lamulungu langa lomaliza, mapemphero atatha, ndinaika tebulo pakati pa holo. Pulagi sindinaitsegule kunyumba dala, kuti asadzati ndachitapo kanthu. Ndinayamba ndi ketulo ya mpingo. Yobiriwira, yobiriwira. Ana obadwira konko anaombera m'manja, wina n'kufunsa m'Chingerezi ngati ndingayezenso mlongo wake. Kenako ndinaika mbaula patebulo, ndipo holo inazizira.

Ndinamasula pulagi. Mawaya awiri anali m'malo mwake, omangidwa bwino. Wachitatu, wobiriwira ndi chikasu uja, anali wodulidwa, wopindidwa mwaudongo n'kukulungidwa ndi tepi yakuda. Ndinaidziwa mfundo imeneyo. Ndi mmene a Mangani ankamalizira ntchito yawo iliyonse. Zinali ngati ndakumana ndi dzanja lawo.

“Ndiye mungolumikiza wayayo,” anatero mayi Kachingwe, mawu atatsika pang'ono.

“Tione kaye.”

Ndinatseka pulagi, ndinailowetsa m'makina, ndinapanitsa kachingwe pachitsulo pomwe penti inasupuka. Funso loyamba, yofiira, monga tinkayembekezera. Funso lachiwiri makina anakhala ngati akuganiza, kenako yofiira. Moto wa mkati unkadontha kufika pathupi la mbaula. Ndinawafotokozera kuti ngakhale nditalumikiza waya uja, kwathu soketi zambiri kuseri kwake waya wachitatu kulibe, dzenje lake ndi lokongoletsa chabe. Motowo ukanasowa kopita, n'kudzera mwa amene wagwira poto.

“Mchere wanu uja ndi umenewu,” ndinatero.

“Makina anuwo sawadziwa a Mangani,” anayankha. “Inu mukapereke chinthu kwa mwini wake mmene chilili.”

Ndinatulutsa mpeni n'kudula chingwe pomwe chimalowera m'mbaula. Wina anagwetsa supuni kukhitchini. Mayi Kachingwe anamanga chitenje chawo pamwamba pa jasi, n'kunena kuti, “Mukayankha nokha kwa Nambewe.” Pa anthu onse amene ndinapemphera nawo zaka zonsezo, amene anandiperekeza ku bwalo la ndege ndi Tadala yekha.

Kumudzi ndinapeza mitengo imene ndinabzala itapitirira denga, ndipo adzukulu anga ankandipatsa moni wa alendo, atagwada patali. Mkazi wanga anali atazolowera kugona pakati pa bedi. Mbiri ya chingwe inali itandiyambira kufika. Foni imathamanga kuposa ndege.

Kontena itafika ndinakwera minibasi kupita ku Ntcheu, mbaula ili m'katoni. Nyumba ya a Mangani inali ya njerwa zootcha, waya wa magetsi utalowa pansi pa denga, simenti yake yopukutidwa mpaka kuwala. Nambewe anandilandira pakhonde, mapazi ali poyera, manja akudontha madzi a mbale. Ndinayang'ana mapaziwo nthawi yaitali kuposa mmene ulemu umalolera. Mwana wawo woyamba, Limbani, bambo wa ndevu zake, anakhala pampando osandipatsa dzanja.

Titapepesana za maliro, ndinatsegula katoni. Ndinafotokoza zonse mwadongosolo, kuyambira bafa ndi mchere mpaka nyali zofiira, ndipo ndinatulutsa pepala la makina kuti aone kuti sanali makina wamba.

“Bambo anga anaphikira mbaula imeneyi zaka zonse,” anatero Limbani. “Inu mwaisunga mwezi umodzi, mwaidula. Chingwe si vuto, pa msika chilipo. Ndilumikiza madzulo ano.”

“Mukalumikiza mudzaika amayi anu m'manda. Inali yabwino, inde, koma amayi aja anaiononga ndi madzi.”

Nambewe anali atakhala pansi, katoni ili pakati pa miyendo, akusisita mbaleyo ndi chala. Sanakweze mutu.

“Alamu, amayiwo musawanamizire. Inayamba kale.”

“Kale liti?”

“Ali moyo. Ankandiuza pa foni, akuseka. Ankati mkazi wamkulu wayamba nsanje, akumanditsina m'mawa uliwonse ndikamatakasa. Ankati kutsinako ndi kumene kumawadzutsa kuposa tiyi. Ndinkaseka nawo. Ndimayesa ndi nthabwala zawo zija.”

Pakhondepo panadutsa nkhuku, n'kutiyang'ana, n'kupitirira.

“Munawapeza ndinu,” anatero Nambewe. “Anthu anangoti mtima. Ndiuzeni mmene anagonera.”

Ndinawauza. Pansi ponyowa. Mapazi opanda nsapato. Supuni yachitsulo. Mbale ili psuu. Mawu amenewa ndinali nditawanena kwa apolisi, kwa madokotala, kwa abusa, ndipo aliyense analemba zake n'kutseka faelo. Panalibe ndi mmodzi yemwe amene anafunsa za mbaula. Ndinawanenanso pakhonde paja, ndipo kanali koyamba kuti ndiwamve ine mwini. Kaya ndi mtima unayamba, kaya ndi mbaula, palibenso angatiuze. Limbani anachotsa phazi lake pafupi ndi katoni.

Nambewe anadzuka, analowa m'nyumba, anatuluka ndi msomali waukulu ndi hamala. Anazipereka kwa mwana wawo.

“Boola.”

“Amayi…”

“Mbale zonse ziwiri. Ndi ya bambo ako, ipite kwa bambo ako.”

Kumeneko akadali ndi mwambo woika pamanda chiwiya chimene munthu ankachikonda, atachiboola kuti wamoyo asadzachitolenso n'kukachigwiritsa ntchito. Limbani anakhoma. Chitsulocho chinali cholimba, chinatenga nthawi, ndipo kulira kwake kunamveka mudzi wonse. Mmene ankamaliza, mbale imodzi inali itang'ambika pakati.

M'mawa mwake, titapempha njira kwa oyang'anira manda, tinapita atatu. Kumandako mitengo ndi yowirira, mame anali asanaume, ndipo kunkazizira ngati pa siteji ya basi ku Sighthill. Nambewe anaika mbaula kumutu kwa manda, pakati pa nkhata zouma, n'kunena motsitsa kuti, “Mkazi wanu wamkulu uyu, wafika.” Iwo ndi Limbani anatembenuka n'kuyamba kubwerera.

Ine ndinatsalira kuti ndiiwongole, chifukwa inakhala mopendekeka, ndipo zopendekeka sindigwirizana nazo. Ndinaika chikhatho pambale yosang'ambika ija. Inali yofunda. Osati kutentha, kufunda chabe, ngati pampando pomwe munthu wangonyamukapo. Dzuwa linali lisanalowe m'mitengomo. Mwina ndi chifukwa Nambewe anainyamula pachifuwa njira yonse. Ndimadziuza choncho.

Makina aja ndikadali nawo. Ndayeza maayironi ndi maketulo a abale onse, ndipo anthu a m'mudzi muno amabwera ndi zawo, ena n'kubwerera atakwiya. Mayi Kachingwe ndinawalembera kuti mchere wawo sindiwo unayambitsa, ngakhale kuviika chamagetsi m'bafa ndi kulakwa ndithu, ndipo pamenepo sindisintha. Sanayankhe. Chingwe chili m'sutikesi, pansi pa pepala lonena za mtima. Adzukulu anga ndinawauza kuti ndikadzafa atsuke zonse monga mwa mwambo, koma chimenecho asadzachipatse munthu.